Musananyamutse ndege pa bwalo la udzu

Oyendetsa ndege zing'onozing'ono, udzu umadya mtunda. Wouma umawonjezera pafupifupi 20 peresenti pa mtunda wonyamukira, wonyowa 30, ndipo dothi likafewa ndi mvula ya Januwale matayala amatitimira. Kuno ku Zomba kulinso kutentha kwa Okutobala: mpweya umapepuka, injini imafooka, mapiko sanyamula msanga. Nyamukani m'mamawa, moyang'anizana ndi mphepo, katundu muchepetse.

Yambani mwayenda wapansi bwalo lonse, muone ngati pali chulu, maenje kapena mbuzi. Ikani chizindikiro pakati pake. Pothamangitsa ndege kuti inyamuke, mukafika pamenepo liwiro lisanakwane 70 peresenti ya lonyamukira, chotsani mphamvu ya injini, pondani mabuleki. Chonde musakakamize ndegeyo kunyamuka liwiro lisanakwane, chifukwa imadzuka pang'ono, mapiko n'kulephera kuinyamula, n'kukagwera m'mitengo ya kumapeto kwa bwalo.