Ma LEGO anga oyera anasanduka achikasu

Abale, nyumba yanga ya LEGO ija (yomangidwa ndi timaduswa ta pulasitiki tolumikizana toseweretsa) ndinatolera pa kaunjika ndinaiika pawindo pabalaza kuno ku Katoto, kuti alendo aziona, osadziwa kuti dzuwa limawononga pulasitiki. Timaduswa toyera tonse tinasanduka chikasu ngati mano a munthu wosuta fodya. Ndinaphwasula, ndikutsuka ndi sopo wa mbale m'madzi ofunda pang'ono, osapitilira madigiri 40 chifukwa otentha amatipinda, kenako ndikuviika mu hydrogen peroxide wa 3% wa ku famase nkuika padzuwa kuti tiyerenso. Koma mitambo ya Mzuzu inu, zinanditengera masiku atatu! Timaduswa tokhala ndi mastika musativiike. Pano nyumbayo ili mu kabati ya magalasi, mayi akunyumba akudandaula kuti makapu awo asowa pokhala.