Webusaiti inasamuka koma ena amaonabe yakale

Sabata yatha ndinasamutsa webusaiti ya gulu lathu la zamaliro kuno ku Mbare mu Harare, kuipititsa pa seva (kompyuta yosungira webusaiti) yotsika mtengo. Ndinasintha A record, mzere umene umalumikiza dzina la webusaiti ndi IP (adiresi ya manambala ya seva), n'kuikapo IP yatsopano. Pa foni yanga zonse zinali bwinobwino. Madzulo amayi asungichuma anandiimbira: "Achimwene, mndandanda wa zopereka ukuonekabe wakale uja."

Tinafufuta history ya Chrome, osathandiza. Kuzimitsa rauta n'kuyatsanso, chimodzimodzi.

Chinanditsegula maso ndi nslookup, pulogalamu yofunsira DNS, makompyuta amene amamasulira dzina la webusaiti kukhala IP. Nditafunsa 8.8.8.8, DNS ya Google, inandipatsa IP yatsopano, koma DNS ya kampani ya intaneti ya amayiwo inabweza yakale. Apa m'pamene ndinakumbukira TTL, nthawi imene DNS imaloledwa kusunga yankho isanakafunsenso. Yanga ndinaisiya pa masekondi 86400, tsiku lathunthu. Ndiye DNS iliyonse imene inafunsa dzina lathu ndisanasinthe inali ndi ufulu wogwiritsitsa adiresi yakale mpaka maola 24. Kufufuta zinthu pa kompyuta ya amayi sikukanaikhudza n'komwe, chifukwa yankho lakalelo limakhala kwa kampaniyo.

Kuti agwire ntchito usiku womwewo, ndinasintha DNS ya laputopu yawo kukhala 8.8.8.8, kenako ndinalemba ipconfig /flushdns mu Command Prompt (polembera malamulo pa Windows) kuti laputopuyo iiwale yankho lakale. Mndandanda watsopano unatuluka pompo. Sindinalipire kalikonse, kupatula kusiya seva yakale ili yoyaka masiku awiri kuti ena asagwe m'dzenje.

Cholakwa chinali changa. Ndikanatsitsa TTL kufika pa 300 kutatsala tsiku lathunthu kuti ndisamutse, kudikira kukanakhala kwa mphindi zisanu zokha.