Laputopu ikuchedwa kuyaka? Momwe mungaikire SSD kuti Windows izithamanga

Mwezi watha kunabwera aphunzitsi ena kumalo anga otayipira ndi kupulinta pa Chitakale, laputopu ili m'khwapa. Anati akaiyatsa m'mawa amatha kukatereka madzi a tiyi, n'kubwerako kupeza timadontho tija tosonyeza kuti Windows ikuyaka tikungozungulirabe. Anali atayamba kale kusonkhanitsa ndalama zoti akagule ina ku Limbe. Ndinawauza kuti, "Aphunzitsi, tadikirani kaye, tione." Makina onse anali bwinobwino, chotopa chinali hard disk yokha, chipangizo chosungira mafayilo. Tinaikamo SSD, chosungira mafayilo chothamanga cholowa m'malo mwa hard disk, ndipo lero imayaka asanakhazikike n'komwe pampando.

Choncho mukandifunsa ngati n'koyenera kugula SSD yoikamo Windows, ndikuti inde, ndipo muyambe ndi imeneyi musanaganize zogula kompyuta ina.

Chifukwa chake n'chakuti mkati mwa hard disk muli kambale kozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa miniti, ndi kasingano kowerenga. Windows ikamayaka imafuna timafayilo tambirimbiri tomwazikana, ndiye kasinganoko kamangodumphadumpha uku ndi uku. SSD ilibe chozungulira chilichonse, imasunga zinthu m'timachipu monga flash. Hard disk ya laputopu imawerenga pafupifupi 100 MB pa sekondi, SSD ya SATA (kalumikizidwe kakale) imafika cha m'ma 550 MB, ndipo ya NVMe (kalumikizidwe katsopano) imatha kupitirira 3,000 MB. Kwa ife kuno palinso china. Laputopu zathu zimayenda m'chikwama pa kabaza, m'misewu ya m'minda ya tiyi yokumbika ndi mvula. Kugwedezeka kotere hard disk sikondwa nako, makamaka ngati simunazimitse bwino. SSD sisamala zimenezo.

1. Tsimikizani kuti vuto ndi disk. Dinikizani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Task Manager itseguka. Pitani pa Performance muone Disk. Ngati yalembedwa HDD, kutanthauza hard disk, ndipo ikungokhala pa 100% inu musakuchita chilichonse, mwampeza mwini mlandu. Onaninso Memory. Ngati muli ndi 4 GB yokha ndipo yadzaza, SSD ikuthandizani ndithu, koma mudzafunikanso kuwonjezera Memory imeneyi, yomwe imatchedwanso RAM.

2. Dziwani mtundu wolowa m'kompyuta yanu. Apa m'pamene ambiri amataya ndalama. Pali SSD ya mainchesi 2.5 ya SATA, yofanana kukula ndi hard disk ya laputopu, ndipo imalowa pomwe pachoka yakaleyo. Palinso ya M.2, kanthu kakang'ono kooneka ngati kachidutswa ka rula. Ma M.2 alinso pawiri, ena ndi a SATA ena a NVMe, ndipo si kompyuta iliyonse imalandira onse. Tembenuzani laputopu, lembani nambala ya modelo, muifufuze pa intaneti. Timalaputopu tina totchipa tili ndi eMMC, chipu yosungira mafayilo yomatiriridwa pa bolodi, imeneyo simungaichotse. Musakwere minibasi ya ku Limbe musanadziwe zimenezi, mungabwerere ndi katundu wosalowa.

3. Sankhani kukula, ndipo mugule maso ali gwa. Windows 11 imafuna malo osachepera 64 GB, koma musanyengeke nazo. Ya 128 GB imadzaza msanga mukaikamo Office ndi ma update. Ine ndimati 256 GB ndiye poyambira, 512 GB ngati thumba lalola. Mayina odziwika ndi monga Samsung, Kingston ndi Western Digital, koma zachinyengo zolembedwa mayina omwewa ziliponso. Pemphani lisiti. Ngati mukugula ya kaunjika, auzeni ogulitsa aiyese ndi kapulogalamu kaulere ka CrystalDiskInfo inu mukuona. Kamasonyeza maola amene yagwira ntchito komanso thanzi lake. Wokana kuyesa, musiyeni.

4. Kopani mafayilo anu kwina. Zithunzi za ukwati, mayeso a ana, mabuku a bizinesi, zonse zikhale pa flash kapena pa disk ina musanamasule kabawuti ngakhale kamodzi.

5. Konzani flash yoikira Windows. Ikhale ya 8 GB kapena kuposa, yopanda kanthu chifukwa zonse zifufutika. Tengani Media Creation Tool, pulogalamu yoika Windows pa flash, pa webusaiti ya Microsoft, ndipo bandulo yanu ikhale yokwana, fayilo yake ndi ya ma GB angapo. Kumbukirani kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna TPM 2.0, mbali ya chitetezo ya m'kompyuta, ndipo kwa Intel kawirikawiri pulosesa ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo. Kompyuta yakale kuposa apa ndimaiikira Linux Mint m'malo mwa Windows, yomwe ndi yaulere ndipo pa SSD imathamanga bwino. Ena amakonda kukopa disk yonse yakale kupita pa SSD ndi Clonezilla. Zimatheka, koma mumasamuka ndi zinyalala zonse za zaka zambiri. Ine ndimakonda kuyamba mwatsopano.

6. Tsegulani ndi kusintha. Zimitsani, zulani chaja, chotsani batire ngati imachoka. Gwirani chitsulo kaye kuti magetsi a m'thupi achoke. Timabawuti muike m'kambale, chifukwa kakagwa pansi simukapezanso. Solowani hard disk pang'onopang'ono, samutsani kachitsulo koigwira mukamange pa SSD, kenako lowetsani. Ya M.2 imalowa chopendekeka, mukaitsitsa n'kumanga kabawuti kamodzi. Pasakhale kukakamiza paliponse.

7. Ikani Windows disk yakale ili kunja. Izi ndikuzinena motsindika. Zikakhalamo zonse ziwiri, Windows nthawi zina imasiya mafayilo oyatsira pa disk yakale, ndiye tsiku lodzaichotsa kompyuta siyakanso. Lowetsani flash, yatsani, dinikizani F12 pa Dell ndi Lenovo kapena F9 pa HP, musankhe flash. Batire ikhale yodzaza, poti magetsi akathima ntchito ili pakati mudzayambiranso pachiyambi.

8. Hard disk yakale musaitaye. Igulireni kabokosi ka USB ikhale nkhokwe ya mafilimu ndi nyimbo. Ngati laputopu ili ndi malo a DVD amene simuwagwiritsanso ntchito, pali caddy, kabokosi koikamo disk, yolowa pamenepo, ya 9.5 mm kapena 12.7 mm, muyeze kaye. Mukaisunga panja, ikhale pouma, mukudziwa chinyezi cha kuno nthawi ya chiperoni.

SSD musaichite defrag (kusanjanso mafayilo omwazikana), Windows imaisamalira yokha, ndipo musaidzaze mpaka pakamwa chifukwa imayamba kuchedwa. Dziwaninso kuti hard disk ikamafa kawirikawiri imayamba yalira kaye, kuti tche tche tche, pomwe SSD imatha kungozima osatsanzika. Aphunzitsi aja ndinawapangira foda pa disk yawo yakale, ndipo Lachisanu lililonse akaweruka amakoperamo ntchito ya sabata yonse.