Kuchotsa madontho a penti m'nyumba popanda kuwononga katundu

Miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, mvula isanayambe, ndiyo nthawi imene mabanja ambiri kuno ku Chipata amapaka penti nyumba zawo, koma kutentha kwa nyengo imeneyi kumaumitsa msanga dontho lililonse logwera pamalo osayenera. Musanagwire banga lililonse, werengani kaye pachitini kuti mudziwe mtundu wa pentiyo, chifukwa madzi ndi sopo zimachotsa PVA, penti wamadzi wopaka m'makoma, pamene penti wamafuta wopaka zitseko ndi mafelemu a mawindo amafuna thinners (mankhwala osungunulira penti) kapena palafini. Ngati chitinicho chinatayidwa, nyowetsani kathonje ndi sipiriti wa m'famase n'kupukuta padonthopo. Penti wamadzi amasiya mtundu wake pathonje, wamafuta sasiya.

Penti akadali wamuwisi, musatikite, popeza kutero kumangokulitsa banga. Dindani ndi nsanza yoyera kuchokera m'mphepete mwa dontho kulowera pakati, ndipo muzisintha mbali ya nsanzayo ikada.

Pansi pa simenti popakidwa polishi wofiira m'pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amathirapo thinners wambiri, ndipo iye amasungunula polishi pamodzi ndi penti n'kusiya chigamba chotuwa choonekera patali kuposa dontho lija. Ndi bwino kuyamba mwapala ndi sikirepa yogonekedwa, kenako kupukuta zotsalira ndi kansanza konyowetsedwa pang'ono ndi palafini, kutsukapo ndi sopo, ndi kupakanso polishi pakauma. Pagalasi la windo thirani madzi a sopo, mugoneke lumo latsopano ndi kulikankhira mbali imodzi yokha, pakuti lumo ladzimbiri kapena galasi louma zimasiya mikwingwirima yosachokanso. Mipando ya pulasitiki ndi wailesi ya kanema musazikhudze n'komwe ndi thinners, chifukwa amadya pulasitiki, ndipo madzi ofunda a sopo ndi chikhadabo n'zokwanira.

Zovala zimafuna kuleza mtima kwambiri. Chitenje chikadonthedwa ndi PVA, chitembenuzeni ndi kuthira madzi ozizira kuseri kwa banga, kuti penti atulukire komwe analowera m'malo molowerera mu ulusi, kenako muchape ndi sopo. Ngati wauma kale, sipiriti ndi mswachi wakale zimamufewetsa. Penti wamafuta amafuna kuti muyale nsanza yakale pansi pa banga, mudinde ndi palafini kuseri, n'kumasuntha nsanzayo penti akamatsikiramo. Yesani kaye pakona kapena pampendero wobisika, chifukwa zitenje zina zimasuluka. Ndipo chonde musasite chovala banga lisanatheretu, pakuti kutentha kwa simbi kumakhomerera penti mpaka kalekale.

M'manja ndi kumaso, pakani saladi (mafuta ophikira) pang'ono, mudikire kamphindi, mupukute ndi kusamba ndi sopo. Petulo amene ena amasambira m'manja amaumitsa khungu n'kuling'amba, komanso sachedwa kuyaka.

Nkhani ya moto imeneyi ndiyo imandidetsa nkhawa koposa, chifukwa m'makomboni mwathu mbaula imakhala pakhonde pomwe anthu amatsukirapo maburashi. Nthunzi ya thinners imagwira moto ngakhale botolo lili patali pang'ono ndi makala, choncho gwirani ntchitoyi mawindo ali otsegula, mbaula ndi kandulo zitazimitsidwa. Nsanza zonyowa ndi penti wamafuta musaziunjike pakona, koma muziyanike imodziimodzi panja mpaka ziume. Palafini ndi thinners musaziike m'botolo la chakumwa, popeza mwana akaliona amangoti ndi madzi. Zikachitika kuti wamwa, musamusanzitse, chifukwa mafutawo angalowe m'mapapo, koma thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botololo. Thinners amene mwatsukira maburashi musamutayire mungalande, mmene mvula idzamukokolera kumtsinje wa Lunkhwakwa. Mutsekereni m'botolo lagalasi losakhala la chakumwa, ndipo pakapita masiku angapo penti adzadikha pansi, wapamwamba woyerayo n'kumugwiritsanso ntchito.