Musanakwere boti cha ku Mtakataka

Anzanga a kuno ku Dedza amene mumatsikira kunyanja cha ku Mtakataka kapena Golomoti kukapitidwa mphepo, chonde musakwere boti musanaone ma life jacket, majekete othandiza munthu kuyandama akagwera m'madzi. Awerengeni, akwanire aliyense, ndipo muvale mukadali pagombe, malamba ake omanga bwino. Jekete ya munthu wamkulu musamuveke mwana, imavuka akangogwera m'madzi. Mwini boti akhale ndi zazing'ono, apo ayi mwanayo atsale kumtunda.

Onaninso ngati m'botimo muli nkhafi, poti injini imatha kuzima pakati pa nyanja, komanso chokapira madzi, nangula ndi chingwe chake, ndiponso tochi. Boti loyendera petulo lisasowe chozimitsira moto. Foni ikulungeni m'jumbo.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umavuta kwambiri. Asodzi akanena kuti lero nyanja yaipa, amvereni.