Tadelakt: pulasitala wa ku Morocco wosalazidwa ndi mwala

Tsiku loyamba ku Marrakech, mmisiri amene ankandiphunzitsa, amene kumeneko amamutcha maalem, anandipatsa kamwala kosalala kokwana m'manja. Chida chachikulu cha tadelakt n'chimenecho. Dzinali limachokera ku mawu a Chiarabu otanthauza kutikita.

Gwiritsani ntchito laimu wa ku Marrakech, musasakanize ndi simenti. Musefeni, mumuviike m'madzi, akhale ngati phala lolimba. Utoto wake ukhale waufa wosaonongeka ndi laimu. Valani magolovesi, laimu amawotcha khungu.

Khoma likhale lokhakhala, ndipo mulinyowetse kaye. Pakani kawiri, kachiwiriko koyamba kasanaumiretu, zonse pamodzi zikwane mamilimita 4 mpaka 6.

Povuta ndi podziwa nthawi yogwira mwala. Ine ndinafulumira, pulasitala n'kumatuka. Mukachedwanso, mwala umangotsetsereka osatseka timabowo. Dinikizani chala: pakakhala pozizira koma chala osalowa, yambani. Yendetsani mwalawo mozungulirazungulira, pang'onopang'ono, mukukanikiza. Mkono udzawawa ndithu. M'makona muzipanga mokhota, chifukwa kona yakuthwa imathetheka.

Mawa lake sungunulani sopo wakuda wa mafuta a maolivi m'madzi, mupake, mubwerezenso ndi mwala. Sopoyu akakumana ndi laimu amapanga kachikuto kosalowa madzi, n'chifukwa chake pulasitalayu amakhalitsa m'mabafa a nthunzi otchedwa hammam.

Dikirani pafupifupi mwezi musanathirepo madzi. Potsuka, sopo yemweyo basi. Viniga amadya laimu.