Musanatumize makina ochapira kumudzi, imvani zimene zinandionekera

Pamene ndikulemba izi makina ali pakhonde la kuseri kwa nyumba ya mayi kuno ku Salima, akuchapa bwinobwino, koma mtima wanga sunaphwebe. Ndinawagula ku Joni chifukwa mayi msana unayamba kuwavuta, ndipo sindinafune kuti aziwerama pabeseni. Ndi aja otsegulira pamwamba, odzichapira okha. Anatha pafupifupi chaka atafundidwa chitenje, osachapako ndi mpango womwe, ndipo ndalama zimene anandidyera anthu awiri zikanagula ena atsopano. Ndiye abale anga muli ku Johannesburg, Cape Town, Durban ngakhale ku UK, tcherani khutu.

Woyamba anali transipota. Ndinamupeza pa gulu la WhatsApp, anthu akumuyamikira. Tinapangana mtengo, msonkho wa paboda uli momwemo, ndipo ndinamuuza katatu konse kuti makinawa ayende choimirira. Anati ndisadandaule, amanyamula tsiku ndi tsiku. Galimoto itadutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, foni inalira usiku: tili pa boda ya Dedza, katundu wanu wagwidwa, onjezerani msanga. Ndinakongola kwa mnzanga n'kutumiza. Lisiti lake mpaka lero sindinalione.

Katundu anafika patatha masabata asanu, n'kutsitsidwa pa Kamuzu Road m'malo mwa kunyumba monga tinapangana. Mlongo wanga atatsegula chivindikiro anapeza m'diramu, muja mochapiramo zovala, muli mafuta ophikira otayikira, kusonyeza kuti munalongedwa zigubu za munthu wina. Mbali imodzi inali yopindika. Mukudziwa chimene chimachitika? Diramu ya makina otere siikhala pansi, imalendewera pa timitengo tachitsulo tinayi ta masipuling'i. Mukawagoneka, kapena kuikamo zolemera n'kuwagwedeza msewu wonse wa Tete, timitengoto timaguluka kapena kupindika. Kanga kamodzi kanaguluka. Nditamuimbira transipota uja anati makinawo ndinagula ali choncho, kenako anandibuloka.

Choncho katoni ndi zoyerayera zija za m'katoni musataye. Pakati pa diramu ndi thupi la makina panikizanipo mabulangete anu, mangani chivindikiro ndi tepi, sainani pa tepiyo, jambulani transipota akuona. Perekani theka la ndalama, theka linalo katundu akafika. Wina akati msonkho wakwera, auzeni atumize chithunzi cha lisiti la MRA. Palibe lisiti, palibe ndalama. Musamachite manyazi ndi thukuta lanu lomwe!

Komanso dzifunseni kaye ngati kunyumbako kuli mpopi wa madzi amphamvu. Makina odzichapira okha amadikira madzi kuti alowe okha. Ngati mayi amatunga pamjigo, aguleni aja a mabafa awiri othiramo ndi ndowa. Ndi osaoneka bwino pachithunzi, koma amachapa. Ndipo inu a ku America ndi Canada, makina akumeneko ndi a 120V pomwe kuno magetsi ndi 230V, asiyeni komweko. A ku Joni ndi ku UK amagwirizana ndi athu, kungoti pulagi ya ku Joni ndi ya mano ozungulira. Iduleni muike yathu ya 13A: waya wabulauni ku L, wabuluu ku N, wa girini ndi chikasu ku E. Zolowetsa mawaya musoketi n'kupanikiza ndi machesi zija, pa chinthu chogwira madzi, ndi kuitana maliro.

Wachiwiri ndi amene amandiwawa kwambiri, chifukwa anadya nsima m'nyumba mwathu. Makina atalumikizidwa ankangolira pang'ono, madzi osalowa, kenako n'kuonetsa zilembo ziwiri. Panabwera mmisiri wina wa pafupi, sanakhudze n'komwe paipi, anangoti bodi, kachipangizo ka magetsi kamene kamalamulira makinawo, yapsa. Anaichotsa n'kupita nayo ku Lilongwe. Ndinatumiza ya thiransipoti, kenako ya sipeya, kenako ya sipeya ina poti yoyamba ija akuti inali yabodza. Miyezi itatu. Anabweza bodi, vuto lili pomwepo, n'kuuza mayi kuti makina a ku Joni sagwirizana ndi madzi a kunyanja. Mayi anakhulupirira, ndipo pafoni ankandipepesa ngati alakwa ndi iwo.

Ndinabwera ndekha pa Khirisimasi. Ndinatseka mpopi, n'kumasula paipi ya madzi kuseri kwa makina. Pakamwa pomwe paipiyo imalowera pali kasefa kakang'ono ngati chipewa cha chala. Nditakasolola ndi pulayasi kanali katatsekeka ndi mchenga ndi dzimbiri, gwa ngati chiswe chamata. Ndinakatsuka ndi mswachi wakale, kukabwezera, kutsegula mpopi, madzi n'kuyamba kuthira m'diramu. Mphindi khumi sizinakwane. Mayi anangogwira pakamwa. Ine ndinatuluka panja chifukwa misozi ya mkwiyo inali pafupi.

Ndiye mvetsani: bodi imapsa ndithu, koma ndi chinthu chomaliza kuchikayikira. Akakuimbirani kuti makina afa, musathamangire kutumiza ndalama. Imbani pavidiyo, akuonetseni. Asanagwire chilichonse azule pulagi, osangozimitsa paswitchi.

Zilembo zija zimalankhula. Pa LG, IE ndiye kuti madzi sakulowa, OE sakutuluka, UE zovala zaunjikana mbali imodzi, dE chivindikiro sichinatsekeke. Pa Samsung, 4E kapena 4C ndi madzi olowa, 5E kapena 5C ndi otuluka. Ena onani m'kabuku kawo, ndipo kabukuko kajambuleni musanatumize.

Madzi akakana kutuluka, yambani ndi paipi yotulutsira: yapindika, kapena yatsekeka? Makina ena alibe pampu, madzi amangotsika okha, ndiye paipi mukaikoleka m'mwamba sadzatuluka mpaka kalekale. Kenako pitani pa mbale yozungulira ija ya pansi pa diramu. Pakati pake pali kachivindikiro, pansi pake bawuti imodzi. Mukaizula mudzapezamo makobidi, mapini a tsitsi, mabatani, nthawi zina sokosi ya mwana. Kuno onjezanipo mchenga: zovala zochokera ku Senga Bay kapena kumunda zikuntheni kaye panja.

Akakana kufinya, onani kaswitchi ka pachivindikiro, chifukwa makina safinya ngati akuganiza kuti ndi otsegula. Akamagunda m'mbali ngati ng'oma, yalani bwino zovalazo, onani ngati miyendo yonse inayi yaponda pansi mofanana, kenako unikani timitengo tija. Bulangete lalikulu lonyowa lokhalokha musamalikakamize. Mota ikamazungulira koma mbale ili chete, pendeketsani makina pang'ono wina atagwirira, muone lamba pansipo ngati makina anu ali naye. Amatha kumasuka kapena kuduka, ndipo nambala yake yalembedwa pamsana pake. Mota ikamangong'ung'udza osazungulira, kawirikawiri ndi kapasita, kachipangizo kothandiza mota kuyamba kuzungulira. Apa ndiye chonde: kapasita imasunga moto ngakhale pulagi itazulidwa. Ngati simunagwirepo za magetsi, musaikhudze. Itanani wodziwa, koma asinthire pomwepo inu mukuona, yakaleyo akusiyireni.

Makoswe musawaiwale. Pansi pa makina ndi pofunda, ndipo amakonda kutafuna mawaya ndi kapaipi kopyapyala kamene kamauza makina kuti madzi akwana. Kakabooka, madzi amangolowa mpaka kusefukira. Makina ambiri amabwera ndi chitsekero chapansi chotchinga makoswe, anthu amachitaya ndi katoni poganiza kuti n'chosafunika. Chimangeni.

Chimene chimapsereza bodi zenizeni ndi magetsi obwera mwamphamvu akathima. Gulani gadi, monga ija ya firiji, imene imadikira kaye isanalole moto kudutsa, ndipo muone kuti ndi ya 13A. Auzeni kunyumba kuti magetsi akathima azizula pulagi. Sopo azithira pang'ono. Thovu lambiri silichapa, limangovutitsa potsukuluza. Ndipo tsiku limene wina adzati makina amugwira shoko, ngakhale pang'ono chabe, asachapenso mpaka waya wa E ndi soketi zitaonedwa ndi wa zamagetsi weniweni. Pamenepa sindikuseka, ana amayenda osavala nsapato pasimenti yonyowa.

Zonsezi zikalephera ndipo bodi ikuyeneradi kuchoka pakhomo, ijambuleni mbali zonse ziwiri, lembanipo dzina lanu ndi cholembera cha maka, ndipo ipite ndi mbale wanu, osati yokha. Ine sindinatero, moti mpaka pano sindidziwa ngati imene ili m'makinamu ndi yanga ija.

Transipota uja akadali pa gulu lomwe lija. Wangosintha nambala ndi chithunzi, ndipo sabata yatha ndaona akulengeza kuti galimoto inyamuka Lachisanu, malo alipo a mafiriji ndi makina ochapira. Anthu asanu ndi mmodzi amuyankha kale.